Motoka yowala pamwamba, dzimbiri lili kunsi

TSIKU lina m'mwezi wa Febuluwale tinali pa galaji ina m'komboni ya Garden mu Lusaka kuyembekeza kuti atimatire tayala. Panafika aphunzitsi ena a ku Katete ndi motoka yao ya Toyota Spacio, penti ili waliwali, mipando yopanda ndi kabanga komwe. Iwo anafuna cabe kuti awasinthire mabuleki a kumbuyo. Makanika anaika jeke kunsi kwa citseko, pamalo pamene jeke imakhala masiku onse, nayamba kupukusa. Motoka siinanyamuke. Jeke inalowa m'citsulo monga mpeni m'dzungu lophika, ndipo pansi panayoyoka tizidutswa tofiira tonga makoko a nshawa.

"Aphunzitsi, kodi motokayi munaiona kunsi musanapereke ndalama?" anafunsa makanika.

"Iai bambo, ndinaona zithunzi cabe. Inali yokongola mbali zonse."

"Kunsi nakonso ndi mbali, aphunzitsi. Kumeneko ndiko sanakujambulireni."

Motokayo inali itangotha miyezi isanu kucokera pamene inalowa pa Nakonde, ndipo nkhongole imene anaigulira inali ikali kudulidwa ku malipiro ao mwezi ndi mwezi.

Ambiri a ife timakhulupirira kuti mamotoka a makono sacita dzimbiri, limene ena amati nguwe. Timatinso popeza Zambia alibe nyanja ya mcere ndipo kuno sikugwa cipale, vutoli ndi la anthu a ku Dar es Salaam ndi ku Ulaya. Maganizo amenewa ali ndi coonadi pang'ono. Amene anayendetsako ma Datsun 120Y, ma Peugeot 404 ndi ma Fiat aja anali kumangidwira ku Livingstone akumbukira kuti mamotoka a zaka za m'ma 1970 sanali kucedwa kubooka m'munsi mwa zitseko. A lero amapirira kwambiri kuposa amenewo. Koma akali a citsulo, ndipo citsulo cikakumana ndi madzi pamodzi ndi mphepo ya okosijeni cimabwerera ku dothi lofiira kumene cinacokera. Cimene opanga mamotoka anakwanitsa ndi kucedwetsa dzimbiri. Kulithetsa ai.

Amalicedwetsa motere. Citsulo ca thupi la motoka cimakutidwa ndi zinki, yomweyi imene imawalitsa malata a nyumba zathu. Kampani ya Porsche inayamba kucita izi m'zaka za m'ma 1970, Audi 80 ya mu 1986 inatuluka ndi thupi lonse lokutidwa, ndipo makampani ena anatsatira. Zinki ili ndi khalidwe labwino: penti ikakandika pang'ono, zinki ndiyo imayamba kudyeka, citsulo n'kutsala. Pambuyo pake thupi lonse amalimiza m'thanki yaikulu ya penti yoyamba, ndipo mphamvu ya magetsi imakokera pentiyo mpaka m'makona mmene dzanja silifika. Pamalo polumikiza amamata phala lotseka mipata, m'mphako amathira phula, kenaka ndiye penti ya mtundu imene timaona ife.

Zonsezi zimveka zambiri, koma tiyeni tione kucindikala kwake. Citsulo ca citseko kapena ca boneti nthawi zambiri sicifika ngakhale milimita imodzi. Penti yonse pamodzi imangolingana ndi pepala limodzi lolembapo, ndipo zinki ndi yopyapyala kuposa pamenepo pafupifupi kakhumi. Cikopa cimeneci cimaikidwa kamodzi kokha ku fakitale. Mwala uliwonse wa mu mseu wa gelevulo umene walasa kunsi kwa motoka umacotsako kacidutswa, ndipo zinki ikadyeka siphukanso. Makampani ambiri ku Ulaya amalonjeza zaka 12 kuti thupi silidzabooka. Ife mamotoka ambiri amatifika ali ndi zaka khumi kapena kuposerapo, ndiye kuti timawalandira pamene lonjezo lija lili kumapeto.

Palinso ici, cimene ogulitsa sakonda kunena. Zitsulo zimene zimanyamula moyo wathu, monga chassis ya vani, zogwirira masipulingi, mabauti, mapaipi a mabuleki ndi a mafuta, nthawi zambiri sizitetezedwa bwino monga thupi. Zina zimangopakidwa penti yakuda. Ngakhale makampani ochuka anagwapo m'dzenje limeneli. Ku America mu 2008 Toyota inayamba kuombola mavani a Tacoma opangidwa pakati pa 1995 ndi 2000 amene chassis yao inali itadyeka, ndipo mu 2016 inavomera cigwirizano ca ndalama zofika madola 3.4 biliyoni pa mlandu wokhudza mamotoka pafupifupi 1.5 miliyoni a Tacoma, Tundra ndi Sequoia. Ambiri mwa mavani amenewo pamwamba anali kuoneka bwino lomwe.

Cimene cinadya ambiri mwa mavaniwo ndi mcere wa m'miseu, ndipo apa ndipo nkhaniyi itikhudza ife a kuno. Mamotoka oculuka m'miseu yathu, ma Corolla, Vitz, Allion, Noah ndi ma Hiace onyamula anthu, anayamba moyo wao ku Japan. Kumpoto kwa dzikolo, ku Hokkaido, ku Aomori ndi ku Niigata, kumagwa cipale cambiri caka ndi caka. Kale oyendetsa kumeneko anali kugwiritsa nchito matayala a misomali, koma misomaliyo inali kupala phula la mu mseu ndi kudzaza fumbi m'mizinda monga Sendai ndi Sapporo. Mu 1990 boma la Japan linakhazikitsa lamulo loletsa matayala otere m'madera ambiri, ndipo kucokera pamenepo mcere wosungunula madzi oundana unayamba kumwazidwa kwambiri m'miseu. Wina ndi mcere wamba, wina ndi calcium chloride, umene umakoka cinyezi ca mu mphepo, kotero kuti matope amene auyamwa sauma msanga ngakhale kunja kuli dzuwa. Madzi a mcere amafulumiza dzimbiri kwambiri kuposa madzi a mvula. Motoka imene yayenda zaka khumi ku Sapporo ndi inzake imene yayenda zaka khumi ku Osaka zingafanane pa cithunzi, koma kunsi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mamotoka ocokera ku Britain nao ayenda m'miseu yothiridwa mcere.

Mcerewo sutsalira ku doko. Umabwera nayo motoka, uli m'mipata ndi m'matope ouma a m'kati mwa chassis, kudutsa Tunduma mpaka pakhomo panu. Mvula yoyamba ya mu Novembala ikaunyowetsa umayambanso nchito yake.

Tero amene mufuna kuitanitsa motoka, pemphani pepala la ku okushoni. Pa cithunzi ca motoka cimene cili pa pepalalo, cilembo S citanthauza dzimbiri la pamwamba, ndipo C citanthauza kuti citsulo cadyeka. Pemphaninso zithunzi za kunsi, ndipo wogulitsa akayamba kuzemba musakakamire. Ngati mugula imene ili kale m'dziko muno, musacite manyazi kuyala saka ndi kugona pansi ndi toci m'manja, kapena lipirani pang'ono aikweze pa galaji. Gogodani ndi sikuludiraiva m'mbali mwa chassis, pamalo a jeke ndi pogwirira masipulingi a kumbuyo. Citsulo cabwino cimalira ngwee, codyeka cimalira monga katoni. Cotsani tayala la sipeya muone pansi pake, tukulani kapeti. Mukapeza kunsi konse kwapakidwa penti yakuda yatsopano, funsani cifukwa cake. Nthawi zina ndi cisamaliro cabe, nthawi zina ndi cobisira.

Koma tisanamizire Japan zonse, pakuti dzimbiri lambiri timalilima tokha. Lusaka anamangidwa pa mwala wa laimu ndipo madzi a pansi ali pafupi, n'cifukwa cake dzinja likafika ku Kanyama, ku Misisi ndi mbali zina za Chawama miseu imasanduka madambo. Timawoloka, injini siizima, timayamika Mulungu, basi nkhani yatha. Koma madzi aja alowa m'mphako za m'munsi mwa zitseko pamodzi ndi matope. Kunsi kwa citseko ciliconse kuli timaenje totulutsira madzi, ndipo matope akatitseka citseko cimasunga madzi monga mtsuko. Kunsi kwa kapeti kuli thonje lokhuthala limene likanyowa lingathe masabata lisanaume. Mukamva kafungo ka cinyezi m'motoka, kapena magalasi akacita nthunzi m'kati m'mawa uliwonse, madzi alimo. Nthawi zina si a mvula konse, koma ndi kapaipi kotulutsa madzi a aircon kamene katsekeka, kapena masamba a mtengo wa mango amene adzaza ngalande ya pansi pa galasi la kutsogolo.

Dzimbiri la motoka ya makono limayambira m'kati kutulukira kunja. Pamene muona penti yatupa tizithuza m'mphepete mwa tayala, dziwani kuti kuseri kwake nchito inayamba kale, pakuti dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa citsulo cimene ladya, motero limakankha penti.

Anyamata a pa car wash sitiwanena, amacita zimene tawalipira. Timawayamika akawalitsa matayala ndi dashibodi, ndipo palibe amene amawauza kuti alowetse paipi kuseri kwa mapulasitiki a pamwamba pa matayala, kumene matope amakhala caka cathunthu. M'nyengo ya dzinja kunsi kuyenera kutsukidwa kamodzi pa mwezi, ndiponso mvula ikatha mu Epulo kutsukidwe bwinobwino ndi madzi a mphamvu. Motoka imene yangofika kumene kucokera ku doko itsukidwe kunsi isanapite n'komwe kukaonetsedwa kwa abale.

Alimi a kum'mawa ndi eni ma Canter amvetsere apa. Fataleza, kaya ndi D Compound kaya ndi Urea, imakoka cinyezi ndipo imadya citsulo. Thumba limodzi likang'ambika, timibulu timalowa m'makona a vani ndi kukhala mmenemo mpaka nyengo yokolola. Cimodzimodzi madzi a nsomba ndi kapenta wothira mcere, ndowe za ng'ombe ndi manyowa a nkhuku. Kusesa sikukwanira. Tsukani ndi madzi ambiri tsiku lomwelo.

Cizolowezi cina cimene catiwonongera mainjini ambiri ndi kuthira madzi a pa mpopi mu radieta. Timati kuno kulibe cisanu coumitsa madzi, nanga coolant ndi ya ciani? Koma madzi obiriwira kapena ofiira aja ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri m'kati mwa injini. Madzi a pa cigayo kapena a m'borehole, maka-maka a mu Lusaka amene ali ndi laimu wambiri, amasiya zokakamira m'radieta ndi kudya pampu ya madzi. Mukatsegula civundikiro injini itazizira n'kupeza madzi a mtundu wa tiyi, dzimbiri lili kale m'kati. Mafuta a mabuleki naonso amayamwa cinyezi, n'cifukwa cake makampani ambiri amati asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse. Ekizozi nayo imawola kucokera m'kati, pakuti lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi okwana pafupifupi lita imodzi monga nthunzi. Motoka imene imangoyenda kucokera ku nyumba kukatula ana ku sukulu siitentha mokwanira kuti madziwo aume.

Ndiye pali nkhani ya ngozi. Motoka ikagundidwa timapita nayo kwa owongola, ndipo timasankha wochipa ndi wofulumira. Iye amaocherera ndi moto wa gasi, umene umapsereza zinki ndi penti ya kuseri kwa citsulo. Kutsogolo amamata fila, napaka penti yokongola. Kuseri kumatsala citsulo camaliseche. Pakapita madzinja awiri pamalopo pamatupa, ndipo timati penti inali yoipa. Muuzeni mmisiri wanu apake pulaima ndi phula kuseri kwa pamene waocherera, ndipo muone ndi maso anu asanabwezere zophimba. Pogula motoka yendetsani maginito m'mbali mwake: pamene maginito sagwira bwino pa thupi la citsulo, pali fila.

Ena amathira oilo yakutha ya mu injini kunsi kwa motoka. Ife sitivomereza. Imafewetsa malabala, imagwira fumbi ndipo imadonthera m'nthaka mmene timakumba zitsime. Ena amapaka phula lakuda lolimba pamwamba pa dzimbiri, ndipo kumeneku ndiko kuipitsiratu, cifukwa phulalo likang'ambika madzi amalowa koma satuluka. Dzimbiri liyambe lapalidwa mpaka citsulo cowala cioneke, papakidwe mankhwala opha dzimbiri ndi pulaima, ndipo phula libwere pomaliza, motoka itauma. M'mphako mufunika phula lofewa lopopera, limene limayenderera m'mipata. Nyengo yabwino ya nchitoyi ndi Seputembala kapena Okutobala, kukali kouma. Kabala kang'ono ka mwala pa boneti kangotsekedwa ndi kadontho ka penti sabata yomweyo. Ndipo motoka imene siyenda isaimikidwe pa udzu itafunditsidwa tenti ya pulasitiki, pakuti cinyezi ca m'nthaka cimakwera n'kusowa potulukira.

Pamene dzimbiri lafika pa chassis, pogwirira lamba wa mpando kapena pa mapaipi a mabuleki, si nkhaninso ya maonekedwe. Pepala la fitness la a RTSA lili pa galasi siligwira paipi yodyeka kuti isaphulike pa mitsetse ya ku Manenekela.

Aphunzitsi a ku Katete aja anali kuti adutse mseu womwewo tsiku lotsatira, ndi amai a kunyumba ndi ana awiri. Makanika atakweza motoka ndi jeke ina anapala paipi ya mabuleki a kumbuyo ndi cikhadabo, ndipo cala cinabwerako conyowa ndi mafuta. Anawauza kuti mapaipi angasinthe, m'munsi mwa citseko angaocherere citsulo catsopano, koma za pogwirira sipulingi adzanena akapala n'kuona cimene catsala. Aphunzitsi anasiya makiyi, natifunsa ngati tidziwa nthawi imene basi yoyamba ya ku Chipata imanyamukira pa Intercity.