KOMPYUTA IKAKANA KUDZUKA

Njanji yochokera ku Blantyre ikafika pa Nkaya, m'boma la Balaka, imagaŵikana: ina imaloza ku Salima, ina imaoloka Shire pa Liwonde n'kukatulukira ku Nayuchi. Kompyuta nayo ili ndi mphambano yake. Ikangoyatsidwa, kapulogalamu kotchedwa GRUB ndiko kamasankha kernel yoti iyendetse makinawo.

Kernel ndiyo phata la mapulogalamu onse, pakuti ndiyo imalamula disiki, kiyibodi ndi ziŵiya zina. Ya Linux anaiyamba Linus Torvalds ku Helsinki m'chaka cha 1991, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu woitenga ndi kuimanga monga afunira. Tsono mmisiri wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe, poona kuti kompyuta yake yakalamba, akhoza kumanga kernel yopepuka, nataya zonse zimene ayesa zosafunika. Vuto limayambira pa kutayako.

Kaŵirikaŵiri makina akayatsidwanso amaima chilili, nalemba mawu akuti "Kernel panic" ndi "Unable to mount root fs". Tanthauzo lake nlakuti kernel yadzuka ndithu, koma yalephera kuŵerenga disiki. Kuti iŵerenge imasoŵa driver wa disikiyo, ndi winanso wodziŵa kasanjidwe ka mafayilo, monga ext4. Ngati mmisiri anachotsa madriver ameneŵa, kapena anawasiya pa disiki pomwepo osawaika m'kaphukusi koyambira kotchedwa initramfs, zili ngati kutsekera kiyi m'nyumba mwini ali panja. Nthaŵi zina cholakwa chimakhala nambala yozindikiritsa disiki, ya UUID, imene GRUB wapatsidwa. Pa makina atsopano, Secure Boot imakananso kernel yopanda siginecha yodziŵika. Magetsi akathima ntchito yoika ili mkati, kaphukusi kaja kamatsala koduka.

Chofunika kuchidziŵa nchakuti makalata, zithunzi ndi mabuku a ndalama zikadali pa disiki bwinobwino. Wothamangira kufufuta zonse kuti ayambe mwatsopano ndiye amene amaziononga, ndipo uko nkupupuluma kopanda nzeru.

Mmisiri wochenjera safafaniza kernel yakale. Poyatsa makina a Ubuntu amagwira batani la Shift kapena kudina Esc, nasankha yakaleyo pansi pa "Advanced options". Akaloŵa amamanganso initramfs ndi lamulo la update-initramfs, kenaka update-grub. Ngati yakaleyo anaichotsa kale, amadzutsa makinawo ndi Linux ya pa fulashi, nayamba wakopera mafayilo a eni ake kwina asanakhudze china chilichonse.