Mkazi wa m'nkhani za noir: wakuba, tambwali kapena wolipsira?

Tsiku lina ndinkafotokozera anzanga buku la Sarah Waters lotchedwa Fingersmith, lomwe linatuluka mu 2002. Nditangoti "ndiye mtsikanayo anamunyenga," onse anafa nacho chiseko. Ine ndimatanthauza chinyengo, koma m'Chichewa cholankhula masiku ano mneni "kunyenga" amapita naye kuchipinda. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa kuti mkazi wa m'nkhani zoterezi timutchule ndi mawu ati.

Tiyambe ndi mtundu wa nkhanizo. "Noir" ndi mawu a Chifalansa otanthauza chakuda. Mu 1945 Marcel Duhamel anayambitsa mndandanda wa mabuku aupandu wotchedwa Série noire ku kampani ya Gallimard ku Paris, ndipo mu 1946 Nino Frank anatchula mafilimu ena a ku America kuti "film noir". M'nkhanizi simukhala ngwazi yoyera mtima. Wolemba amakuikani pafupi ndi wolakwayo, mumamva njala yake ndi mantha ake, kenako mumamuona akugwa.

Dzina loyamba lobwera m'mutu ndi "wakuba" kapena "mbava". Silikwana. Mbava imatenga mwini wake asakuona, kapena imalanda. Amene Angerezi amati "con artist" salanda, amapatsidwa. Mawuwa anachokera ku "confidence man", dzina lomwe nyuzipepala za ku New York zinapatsa William Thompson mu 1849. Mkuluyu ankafunsa anthu pamsewu ngati angamukhulupirire n'kumusungitsa wotchi mpaka mawa, ndipo ambiri ankavula okha n'kupereka. Chida chake chinali chikhulupiriro cha mnzake. Pa chifukwa ichi ine ndimasankha "tambwali" kapena "kathyali", chifukwa mawuwa amaloza kuchenjera ndi lilime lokoma, osati zala.

Pa zochita zake Chichewa n'cholemera. "Kunamiza" n'kopepuka, ngakhale mwana amanamiza amake. "Kupusitsa" kumasonyeza kuti winayo wasandutsidwa chitsiru. "Kulemba m'madzi" ndi kulonjeza chinthu chomwe sichidzaoneka. "Kuyeretsa m'maso" ndi kubera munthu iye akupenya. Achinyamata amangoti "wandiponda." Lilly Dillon wa m'buku la Jim Thompson la 1963, The Grifters, amadula pang'onopang'ono ndalama za bwana wake wa juga ya mipikisano ya akavalo. Ameneyo akuponda bwana. Koma Sue Trinder wa mu Fingersmith, yemwe akulowa ntchito ya m'nyumba kwa Maud Lilly kuti athandize mwamuna wina kumulanda chuma, akulemba Maud m'madzi.

Apa mpamene misintho ya aneni imatithandiza. Sue akuganiza kuti ndi wopusitsa, koma pakati pa buku timazindikira kuti ndi wopusitsidwa: iye ndi amene akutsekeredwa m'chipatala cha amisala chomwe ankakonzera Maud. Tikafika kumapeto timaona kuti awiriwo ankapusitsana. Msintho wochititsa, wochitidwa ndi wochitirana, nkhani yonse yakwana m'tsinde limodzi. Chingerezi chimafuna mawu angapo kuti chinene zomwezo.

Nanga "revenge"? Ambiri timathamangira "kubwezera". Mawuwa amachokera ku "kubwera": kubweza ndi kuchititsa chinthu kubwera komwe chinachoka, ndipo kubwezera ndi kuchitira munthu wina zimenezo. N'chifukwa chake timabwezera ngongole, timabwezeranso chipongwe. Muli ganizo la mulingo: wandipatsa chakuti, landira chako. "Kulipsira" ndi kwina. Palibe amalipsira zabwino, ndipo wolipsira sayeza. Taonani Julie wa m'buku la Cornell Woolrich la 1940, The Bride Wore Black. Mwamuna wake waphedwa pakhomo la tchalitchi tsiku laukwati, ndiye iye akusintha maina ndi maonekedwe n'kumapha amuna omwe akuwaganizira, mmodzimmodzi. Kumapeto zikudziwika kuti amunawo sindiwo anapha. Tikati Julie anabwezera, tamukhululukira, ngati kuti anangopereka chenji. Tikati analipsira, tasunga mdima womwe wolemba anaufuna.

Chotsiriza n'chakuti Chichewa sichisonyeza mwamuna kapena mkazi pa mlowam'malo. "Iye" ndi aliyense, "tambwali" ndi aliyense. Komabe yesani kuuza anzanu kuti "kunabwera tambwali wina," muwafunse kuti aona ndani m'maganizo. Anzanga aja onse anaona mwamuna wa jekete. Ndikawonjezera kuti "wamkazi," ena amalumphira ku mawu ngati "hule," ngakhale nkhaniyo ndi ya ndalama basi. Kukondera kumeneku sikuli m'galamala, kuli mwa ife olankhula. Ndipo ndi khomo lomwelo lomwe akazi a m'mabukuwa amalowera: amuna sawaganizira kuti angakhale anzeru kuposa iwo, ndiye amatsegula okha chikwama.

Choncho mukamamasulira kapena kulemba ndemanga ya buku lotere, musatole mawu oyamba kufika. Dzifunseni kaye: kodi mkaziyu watenga kapena wapatsidwa? Akubweza mulingo kapena wapyola? Ndipo "kunyenga" kuja, kusiyeni kaye pambali ngati mukuwerengera gulu.