Musanagule wailesi yakanema yakale ku Soweto, funsani za m'kati mwake

Nyengo ya kukolola ikatha, alimi ambiri a ku Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi amakwera basi kutsata mseu wa Great East kudza ku Lusaka, atanyamula ndalama za cimanga, nshawa ndi thonje. Ambiri mwa iwo amathera pa msika wa Soweto, kumadzulo kwa pakati pa mzinda, pafupi ndi mseu wa Lumumba. Pamenepa pamagulitsidwa ndiwo zamasamba, salaula, zitsulo ndi katundu wa magetsi wogwirapo kale nchito. Pakati pa katunduyo, nthawi zina mlendo amaona wailesi yakanema yaikulu ngati kabati, yamtengo wotsika modabwitsa.

Mawailesi otere kale anali ulemerero wa nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands. Eni ake atagula atsopano opyapyala, akalewo anapatsidwa kwa anchito kapena kwa acibale a ku Kabwata ndi Chelstone, ndipo ena anafika m'manja mwa ogulitsa. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cifukwa cace inu awerengi athu a kumidzi muyenera kudziwa cimene cili m'kati mwa bokosi limeneli musanamasule mfundo ya ndalama zanu.

Wailesi ya mtundu uwu imaponya cithunzi kucokera kumbuyo. Pansi pa bokosi pali machubu atatu: wina woonetsa mtundu wofiira, wina wobiriwira, wina wabuluu. Kuwala kwa machubuwa kumapyola m'magalasi okulitsa, kugunda pa kalilole wamkulu wopendekeka kumbuyo, ndi kubwerera kudzagwa pa cinsalu ca kutsogolo cimene ife timapenya. Kuti cithunzi cioneke bwino, mitundu itatuyo iyenera kugwera pamalo amodzi ndendende.

Mafakitale analeka kale kupanga mawailesi otere. Kampani ya Sony inalengeza za kuleka kwake mu 2007, ndipo ya Mitsubishi, imene inatsalira pambuyo pa onse, inaleka mu 2012. Motero iliyonse imene mungaipeze lero yapyola zaka khumi, ndipo za machubu atatu zambiri zafika zaka makumi awiri. Zipangizo zake zonse zinayamba nchito tsiku limodzi, zamva kutentha kumodzi, ndipo zakalamba pamodzi. Mmisiri wosintha kacipangizo kamodzi kokha kamene kafa lero, nasiya tinzake tokalamba, adzakuonaninso pakhomo pake mwezi usanathe.

Matenda oyamba ndi a mitundu yobalalika. Nkhope ya munthu imaoneka pawiri kapena patatu, ndipo mizere yoongoka imakhota ngati uta. Kawirikawiri colakwa cimakhala pa tizipangizo tiwiri tolunzanitsa mitundu, timene m'mawailesi ambiri tili ndi nambala yoyamba ndi STK392. Timatentha kwambiri pogwira nchito. Mmisiri wodziwa amasintha tonse tiwiri ngakhale kafa kamodzi, amayesa mafyuzi ndi marezista ozungulira pamenepo, ndipo amapaka mafuta atsopano oyera ocotsa kutentha asanamange. Cenjerani, pakuti tizipangizo tonyenga ta nambala yomweyo tacuruka m'malonda, ndipo timapsa msanga.

Matenda aciwiri ndi a makapasita, timigolo ting'onoting'ono tosunga mphamvu ya magetsi. M'kati mwake muli cinyezi cimene cimauma ndi zaka ndi kutentha. Tikauma, wailesi imacedwa kuyaka, imadzizimitsa yokha, kapena cithunzi cimagwedera. Tina timatupa pamutu, koma tina timafa osaonetsa cizindikilo. Ndi nzeru kusintha tonse ta m'cigawo colandira magetsi nthawi imodzi, popeza mtengo wake ndi wocepa pouyerekeza ndi ulendo wobwerera ku Lusaka. Panthawi yomweyo mmisiri awocherere mwatsopano mfundo za mtovu zimene zang'ambika.

Matenda acitatu ndi a cithunzi ca nkhungu. Pakati pa chubu ndi galasi lake pali madzi oziziritsa a mankhwala ochedwa glycol. Pakapita zaka madziwo amacita matope, makamaka pa chubu wabuluu ndi wobiriwira. Ayenera kukhuthulidwa, malo ake kutsukidwa, ndi kuthiramo atsopano. Madzi amenewa ndi poizoni, asatayidwe pofika ana kapena ziweto, ndipo akadonthera pa zipangizo za pansi amaziononga. Kalilole wa kumbuyo nayenso amagwira fumbi, koma asapukutidwe ndi nsanza yokhakhala cifukwa siliva wake ali pamwamba ndipo amakalika msanga.

Koma alipo matenda ena opanda mankhwala. Chubu akatha mphamvu, kapena akapserera kotero kuti cizindikilo ca siteshoni cimaonekabe ngakhale mwasintha, palibe watsopano wogula. Wopezeka ndi wocotsedwa m'wailesi ina yakufa, wokalamba cimodzimodzi. Wailesi yotere isiyeni, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo motani. Palinso mtundu wina wa pambuyo pake, wopanda machubu, woyendera babu limodzi lowala kwambiri. Babulo limatha, ndipo muyenera kufunsa ngati lina lipezeka musanagule.

Tikucenjezani kolimba kuti musatsegule bokosi limeneli nokha. Magetsi a m'nyumba muno m'Zambia ndi a mavolti 230, koma m'kati mwa wailesiyi amakwezedwa kufika pafupifupi mavolti 30,000, ndipo ina mwa mphamvuyo imatsalira ngakhale mwazula pulagi. Nchito iyi ndi ya amisiri ophunzira.

Ganiziraninso za kumudzi kumene katunduyo apita. Wailesi yakanema inayamba m'dziko lino ku Kitwe mu 1961, ndipo kwa zaka zambiri mlongoti wa padenga unali wokwanira. Koma mu 2017 Boma linayamba kuzimitsa maulutsidwe akale m'matauni a m'mbali mwa njanji, ndi kusamukira ku njira ya digito. Wailesi yakale tsopano ifuna dikoda, monga ya TopStar, kampani imene ZNBC inapanga pamodzi ndi StarTimes ya ku China. Onetsetsani kuti kumbuyo kwake kuli polowetsa nthambo za dikodayo. Ngati inacokera ku America, ingakhale ya mavolti 120, ndipo idzapsa mukailumikiza popanda cotsitsa mphamvu.

Bokosi lotere limadya mawati pafupifupi 200, pamene wailesi yatsopano ya mainchi 32 siifika ngakhale pa 50. Sola yaing'ono ya panyumba siingalikwanitse. Ngakhale okhala ndi magetsi a ZESCO akumbuke cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku. Kuzima ndi kuyaka kotere kumafulumiza imfa ya zipangizo zokalamba. Kulemera kwake nako kungafanane ndi matumba awiri a cimanga a makilogramu 50, ndipo mabampu a mseu wa fumbi amasokoneza mitundu ndi kuswa kalilole.

Tsono ngati mtima wanu wakhazikika pa kugula, pitani ndi mmisiri wanu. Wailesi iyatsidwe pamaso panu kwa ola lathunthu, cifukwa zolakwa zambiri zimaonekera ikatentha. Mmisiri alembe papepala zipangizo zonse zofunika kusintha ndi mtengo wake, ndipo akatha nchito akubwezereni zakale zimene wacotsa. Phatikizani mtengo wogulira, wokonzera, wa dikoda ndi wonyamulira, kenaka muuyerekeze ndi mtengo wa wailesi yatsopano yaing'ono. Safunsa anadya phula. Ndalama za mlimi zimabwera kamodzi pacaka, ndipo feteleza wa nyengo ikudzayi ndi zofunika za ana a sukulu zikuyembekeza thumba lomwelo.