Chicheŵa ndi Makina a Kompyuta: Phunziro Lochokera ku Area 18

1.0 Mawu Oyamba

Mu Disembala 2014 kampani ya Google idawonjezera Chicheŵa pa ziyankhulo zimene pulogalamu yake imamasulira, ndipo mu 2022 kampani ya Meta idachiika pakati pa ziyankhulo 200 za pulogalamu yake yotchedwa NLLB. Kumapeto kwa chaka chomwecho kudatuluka ChatGPT, ndipo chiyambire pamenepo anthu ambiri ayesa kucheza ndi makina m'chiyankhulo chawo. Cholinga cha pepala lino ndi kusonyeza kuti zolakwa zambiri zimene makina amachita pa Chicheŵa zimayambira kutali ndi makinawo: zimayambira pa kalembedwe ndi pa kasamutsidwe ka zolembedwa kuchoka m'mabuku ndi m'mafoni kuloŵa m'kompyuta. Ntchito imeneyi ndi ya akatswiri a ziyankhulo ndi okonza ndondomeko za ziyankhulo.

Kuti nkhani isauluke m'malere, tapeka uthenga umodzi motsanzira mayankhulidwe a mumzinda wa Lilongwe, wonga umene munthu angatumize pafoni ali pamseu wa M1 ku Area 18:

(1) Ndili pa 18, ndikudikira ya ku 25. Amayi ndawasiya kuchipatala, mwana watsegula m'mimba.

Aliyense wa ku Kawale, ku Biwi kapena ku Mgona akumva uthengawu osaphethira. Tiwona m'munsimu chifukwa chake makina amapunthwa pa uthenga wotere.

2.0 Chiyankhulo cha Makina ndi Chiyankhulo cha Anthu

Mu 1956 Noam Chomsky adalongosola mitundu ya malamulo opangira ziganizo. Patangopita zaka zoŵerengeka, John Backus ndi Peter Naur adagwiritsa ntchito malamulo a mtundu womwewo pofotokoza ALGOL 60, chiyankhulo cholembera mapulogalamu. Choncho maphunziro aŵiriŵa ndi pachibale. Komabe pali kusiyana kwakukulu. Chiyankhulo cholembera mapulogalamu chidakonzedwa mwadala kuti chiganizo chilichonse chikhale ndi tanthauzo limodzi lokha, ndi kuti chizindikiro chilichonse chikhale ndi ntchito yodziŵika. Chicheŵa, monga chiyankhulo china chilichonse cha anthu, chimasiya zambiri kuti womva adzaze yekha. Mavuto amabuka pamene zolembedwa za mtundu wachiŵiriwu zidutsa m'zida zopangidwira mtundu woyamba. Tiwaona mavutoŵa pa magawo atatu: lembo, liwu, ndi macheza.

3.0 Lembo

Kompyuta imasunga lembo lililonse ngati nambala. Ndondomeko ya ASCII, imene idayamba mu 1963, ili ndi malo 128 okha, ndipo lembo la ŵ mulibe. Lemboli lidapeza malo mu Unicode, pa U+0175. Koma fayilo ikaŵerengedwa ndi ndondomeko yakale, dzina la dziko lathu limatuluka ngati MalaÅµi kapena Mala?i. Wokonza fayilo amene wakumana ndi zotere kaŵirikaŵiri amangofufuta kachizindikiro kapamwambako m'buku lonse, ndipo umboni wa katchulidwe ka mlembi umapita osabwereranso.

Vuto lalikulu koposa ndi la nkhodolero. M'Chicheŵa chizindikiro chimenechi chili ndi ntchito zingapo. Chimasiyanitsa ng' ndi ng, chimasonyeza m woima payekha, ndiponso chimasonyeza kuti ndi wafupikitsidwa, monga mu n'zoona. Chikachotsedwa, mawu osiyana amasanduka amodzi:

(2) ng'oma, ngoma
(3) m'bale, mbale

Mu (2) choimbira chasanduka nyama ya m'tchire, ndipo mu (3) munthu wasanduka chodyera. Tsono m'ziyankhulo zambiri zolembera mapulogalamu, monga SQL imene imayendetsa nkhokwe za mayina m'maofesi, nkhodolero imasonyeza poyambira ndi pothera mawu ogwidwa. Pulogalamu yolembedwa mosasamala ikakumana ndi dzina ngati Ng'oma, imayesa kuti dzinalo lathera pa Ng, ndipo imakana zotsalazo. Kalaliki amene ali ndi mzere wa anthu patsogolo pake amalemba Ngoma kuti ntchito iyende, ndipo munthu mmodzi angathe kukhala ndi mayina aŵiri m'kaundula. Kuwonjezera apo, nkhodolero ili ndi manambala angapo mu Unicode, monga yoongoka ndi yopindika, kotero kuti m'mimba wa mu (1) angaŵerengedwe ngati mawu aŵiri osiyana malinga ndi foni imene yalemba.

Palinso kusiyana kwa malamulo a kalembedwe. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo ake mu 1973, ndipo omaliza adatuluka mu 1990. Buku Lopatulika lidalembedwapo ndi c pamene ife timalemba ch, ndipo kalembedwe ka ku Zambia kovomerezedwa mu 1977 kamatsata c yemweyo. Pamakina, zolembedwa zonsezi zimasonkhanitsidwa pansi pa chizindikiro chimodzi, nya. Makina ophunzira pa mulu wotere amapeza cakudya ndi chakudya, mau ndi mawu, kumudzi ndi ku mudzi, popanda wowauza kuti ndi chinthu chimodzi.

4.0 Liwu

Mapulogalamu ambiri amadula ziganizo poyang'ana mipata ya pakati pa mawu. Njira imeneyi imathandiza pa Chingerezi, koma mneni wa Chicheŵa ndi chiganizo chathunthu:

(4) si-ndi-dza-ku-thandiz-a-ni-nso

Muzu umodzi wa -thandiz- umatulutsa mawu mazanamazana, ndipo ambiri mwa iwo sapezeka ngakhale kamodzi m'zolembedwa zochepa zimene tili nazo. Kuyambira cha mu 2016 akatswiri akhala akudula mawu m'tizidutswa potsata kuchuluka kwa malembo oyendera limodzi. Tizidutswa timeneti sitilemekeza malire a aphatikiri, makamaka pamene makinawo adaphunzira kwambiri pa Chingerezi. Njira ina ilipo. Mu 1983 Kimmo Koskenniemi wa ku Helsinki adayambitsa njira yolembera malamulo a kaphatikizidwe ka mawu kuti kompyuta iwatsate, ndipo Arvi Hurskainen adaigwiritsa ntchito pa Chiswahili, chimene kapangidwe ka mneni wake n'kofanana ndi kathu.

Pa kapangidwe ka ziganizo tili ndi mwayi, popeza Chicheŵa ndi chimodzi mwa ziyankhulo za mu Afrika zofufuzidwa bwino. Mu 1987 Joan Bresnan ndi Sam Mchombo adasonyeza kuti mgwirizanitsi wa pamtherankhani amagwira ntchito ngati mloŵam'malo, ndipo kuti akakhalapo, mayina amatha kusinthana malo:

(5) Njinga yamugunda mwana.
(6) Mwana yamugunda njinga.

Wogundidwa ndi mwana m'ziganizo zonse ziŵiri. Chimene chikutiuza zimenezi ndi ya- ndi -mu-, osati malo a dzina. Makina amene adazoloŵera kuti dzina loyamba ndiye mwininkhani adzanena kuti mu (6) mwana ndiye wagunda njinga. N'zochititsa chidwi kuti chiphunzitso chimene Bresnan ndi Mchombo adatsata, Lexical Functional Grammar, Bresnan adachiyambitsa pamodzi ndi Ronald Kaplan, katswiri wa makompyuta, ndipo chidakonzedwa kuti makina azitha kuchigwiritsa ntchito.

Chotsala ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kalembedwe kathu sikasonyeza. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, ndipo ndimathandiza angatanthauze chizoloŵezi cha masiku onse kapena ntchito imene inkachitika posachedwa. Woŵerenga amasankha poyang'ana nkhani yonse. Makina oŵerenga mokweza ayenera kusankhanso, ndipo akalakwa, womvera amamva nthaŵi yolakwika.

5.0 Macheza

Tibwerere ku chitsanzo (1). Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo madera ake ambiri amadziŵika ndi manambala. Choncho 18 ndi 25 si kuchuluka kwa zinthu, si zaka, si nthaŵi: ndi mayina a malo, ndipo amatchulidwa m'Chingerezi ngakhale pakati pa chiganizo cha Chicheŵa. Kaliwu ka ya kakuimira minibasi, imene sidatchulidwe n'komwe. Amayi ndi munthu mmodzi, ngakhale mgwirizanitsi -wa- ali wa ambiri, chifukwa ndi ulemu. Kutsegula m'mimba ndi matenda, ndipo womasulira liwu ndi liwu angaganize za opareshoni.

Apa mpamene nkhaniyi ikukhudza moyo wa munthu. Chipatala cha pa Foni, chimene chidayamba ku Balaka mu 2011, chidasonyeza kuti Amalaŵi amafuna uphungu wa zaumoyo pafoni m'chiyankhulo chawo. Tsiku lina padzakhala ofuna kuti mauthenga otere aziyankhidwa ndi makina. Makinawo adzayenera kudziŵa kuti watisiya ndi uthenga wa maliro, kuti ali ndi pakati ndi mayi woyembekezera, kuti zikomo nthaŵi zina ndi kuthokoza, nthaŵi zina kupempha njira, nthaŵi zina kungovomera kuti ndamva, ndiponso kuti munthu wamkulu sayankhidwa kuti iwe. Pulogalamu ya ELIZA, imene Joseph Weizenbaum adalemba mu 1966, idaphunzitsa kale kuti anthu amakhulupirira msanga makina oyankha mosadodoma ngakhale sakumva kanthu. Mbali yaikulu ya Chicheŵa chopezeka pa intaneti ndi ya mabuku achipembedzo ndi nyuzipepala. Chicheŵa cha pasiteji ya minibasi ndi cha pamzere wa kuchipatala n'chosoŵa m'zolembedwa.

6.0 Zoyenera Kuchita

Poona zonsezi, tikupereka maganizo anayi. Choyamba, posamutsa buku lililonse kuloŵa m'kompyuta, kalembedwe kake koyambirira kazisungidwa, ndipo kalembedwe kokonzedwa kazikhala pambali pake, pamodzi ndi chaka ndi dziko lochokera. Chachiŵiri, Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene idatenga ntchito ya Chichewa Board mu 1996, pamodzi ndi anzathu a ku Zambia ndi ku Mozambique, agwirizane za mndandanda wa mawu olembedwa mosiyanasiyana, wokonzedwa moti makina angauŵerenge. Chachitatu, malamulo a kaphatikizidwe ka mneni, amene afotokozedwa kale m'mabuku kuyambira galamala ya Mark Hanna Watkins ya 1937, alembedwe ngati pulogalamu yoti aliyense aigwiritse ntchito. Chachinayi, macheza enieni a m'mizinda ajambulidwe ndi kulembedwa, eniake atavomera ndipo mayina awo atabisidwa. Gulu la Masakhane, limene mu 2022 lidaphatikiza Chicheŵa pa ntchito yake yozindikiritsa mayina a anthu ndi malo m'ziyankhulo 20 za mu Afrika, lasonyeza kuti eni chiyankhulo angathe kugwira okha ntchito zotere.

Muyeso wa ntchito yonseyi ukhale wapafupi: makina amene apatsidwa uthenga (1) athe kunena kumene wolembayo ali, kumene akupita, ndi chimene mwana akudwala.