Kodi mu Chokoleti cha Mkaka Muli Mkaka Wochuluka Bwanji?

M'magolosale a ku Ntaja, ku Liwonde ndi ku Balaka mumapezeka chokoleti chokulungidwa m'mapepala okongola, ena ojambulidwa kapu ya mkaka. Makolo ena a m'dera la Mfumu Kawinga, poona chithunzi chimenechi, amayesa kuti akagulira mwana chokoleti ndiye kuti am'mwetsa mkaka. Maganizo otereŵa ndi olakwika.

Chokoleti cha mkaka chinayamba kupangidwa m'chaka cha 1875 ndi Daniel Peter wa ku Vevey, m'dziko la Switzerland. Pofuna kuti ogula asamanyengedwe, maiko anaika malamulo a kapangidwe kake. Bungwe la Codex Alimentarius, limene FAO ndi WHO anakhazikitsa m'chaka cha 1963, linalamula kuti chokoleti chisatchedwe cha mkaka pokhapokha ngati pa magawo 100 alionse, magawo 25 ndi koko ndipo magawo osachepera 12 mpaka 14 ndi mkaka wouma. Lamulo la maiko a European Union la m'chaka cha 2000 limafuna magawo 14, pamene la ku America limafuna 12. Ku Malaŵi, ntchito yoyang'anira ubwino wa zakudya zogulitsa ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linayamba m'chaka cha 1972.

Malamulo ameneŵa amateteza ogula, koma sasandutsa chokoleti kukhala chakudya chokulitsa thupi. Chokoleti cholemera magalamu 50 chingathe kukwaniritsa lamulo chili ndi magalamu 7 okha a mkaka wouma. Kapu imodzi ya mkaka wa ng'ombe ili ndi magalamu pafupifupi 30. Tsono mwana wodya chokoleticho walandira mkaka wosafika ngakhale theka la theka la kapu. Pafupifupi theka la chokoleti ndi shuga, amene amaola mano ndi kum'landa mwana chilakolako cha chakudya.

Pogula, makolo ayenera kuŵerenga mndandanda wa zosakaniza umene uli papepala. Chimene chalembedwa poyamba ndicho chochuluka koposa, ndipo kaŵirikaŵiri chimakhala shuga.

Chokoleti sicholetsedwa, koma ndi cha apo ndi apo. Ndalama yomweyo ingagule mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi, umene uyenera kuŵiritsidwa mwana asanamwe. Ingagulenso nsinjiro zothira m'phala, mazira, kapena matemba a ku nyanja ya Chilwa ndi Chiuta. Zimenezi ndizo zimakulitsa mwana ndi kulimbitsa mafupa ake.