Four Brothers: filimu ya kubwezera imene idagawa oonera pawiri

Papita zaka zambiri kuchokera mu August 2005 pamene filimu ya Four Brothers idayamba kuonetsedwa ku United States, koma mtsutso wokhudza filimuyi sudazirale. Sabata yake yoyamba idaposa mafilimu ena onse pa ndalama zolowera m'nyumba zoonetsera kanema m'dzikomo, ndipo pomaliza idapeza ndalama zoposa 90 miliyoni za America padziko lonse. Koma akatswiri ounika mafilimu m'nyuzipepala adagawikana pafupifupi pakati, ena kuyamikira ndipo ena kudzudzula. Kodi nchiyani chidakoka anthu wamba, ndipo nchiyani chidakhumudwitsa enawo?

Nkhani yake ikuchitikira mumzinda wa Detroit. Mayi wachikulire, Evelyn Mercer, yemwe moyo wake wonse adautha posamalira ana osowa kwawo ndi kuwapezera mabanja, akuwomberedwa m'golosale usiku wina. Pa ana onse amene adadutsa m'manja mwake, anyamata anayi adali ovuta kotero kuti palibe banja lidawafuna, choncho adawatenga yekha kukhala ana ake. Awiri ndi azungu, Bobby ndi Jack, ndipo awiri ndi akuda, Angel ndi Jeremiah. Mbali zimenezi adasewera ndi Mark Wahlberg, Garrett Hedlund, Tyrese Gibson ndi André Benjamin wa gulu loimba la OutKast. Atakumana pamaliro, anyamatawa akutulukira kuti uku sikudali kuba wamba ayi, koma kuti wina adalipira achiwembu kuti aphe mayi awo.

Chinthu choyamba chimene oikonda filimuyi amatchula ndi ubale wa anyamatawa. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiwola, koma apa palibe magazi amodzi ngakhale khungu lofanana. Chowalumikiza ndi nyumba imene adakuliramo ndi dzanja limene lidawalera. Filimuyi sitaya nthawi kufotokoza za kusiyana kwa khungu lawo. Anyamatawa amanyozana, kulimbana pabalaza ndi kutetezana monga achitira ana a mimba imodzi. M'dziko limene nkhani ya tsankho simachoka pakamwa, ambiri adaona kuti kungokhala chete pa mfundoyi kudali uthenga pakokha.

Chachiwiri ndi chisoni. Gawo limene oonera ambiri amalikumbukira si la mfuti, koma la chakudya cha tsiku la Thanksgiving, pamene anayiwo akhala patebulo mpando wa mayi awo uli wopanda munthu. Angel, Jeremiah ndi Jack, aliyense payekha, akuona mayiyo m'maganizo akuwalankhula monga ankachitira ali moyo. Aliyense amene adaikapo kholo lake m'manda amadziwa kulemera kwa mpando wotere. Nyimbo zakale za Motown, kampani yojambula nyimbo imene idabadwira mu Detroit momwemo, zikuwonjezera chisonicho, makamaka mawu a Marvin Gaye ndi The Temptations.

Chachitatu ndi kutaya chikhulupiriro mwa osunga malamulo. Detroit udali likulu la mafakitale a galimoto, koma chiwerengero cha anthu ake chidatsika kuchoka pa 1.8 miliyoni mu 1950 kufika pochepera miliyoni imodzi mu 2000, ntchito zitasowa. Filimuyi, ngakhale mbali yaikulu idajambulidwa ku Canada, ikuonetsa mzinda wozizira ndi wosiyidwa, momwe khansala ndi wapolisi wina ali m'thumba mwa mkulu wa zigawenga, Victor Sweet. Wapolisi wolungama, Green, akuphedwa ndi mnzake wa ntchito. Woonera akafika pamenepa amakhala atavomereza kale kuti palibe khomo lina logogodapo, ndipo anyamatawa akanyamula mfuti iye amawaombera m'manja.

Apa ndiye pagona dandaulo la odzudzula. Iwo amati filimuyi idakonza dala dziko limene kubwezera kukuoneka ngati njira yokhayo. Bobby ndi Angel akupha anthu awiri amene adawombera mayi awo osawapereka kupolisi, Bobby akuthira petulo galimoto ya khansala pofuna kuti aulule, koma pomaliza palibe mwa iwo amene akukalowa m'ndende. Ena adaipidwa ndi mawu onyoza amene Bobby amanenera Jack kawirikawiri, komanso kuti akazi a m'filimuyi, monga amene adasewera Sofía Vergara ndi Taraji P. Henson, adapatsidwa mbali zochepa.

Dandauloli lidakula chifukwa cha mbiri ya mtsogoleri wa filimuyi, John Singleton, yemwe adamwalira mu 2019. Filimu yake yoyamba ya 1991, Boyz n the Hood, idamupangitsa kukhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa kupikisana nawo pa mphotho ya Oscar ya mtsogoleri wabwino wa filimu, ali ndi zaka 24. Filimu imeneyo imachenjeza za kubwezera: Doughboy akulipsira imfa ya m'bale wake Ricky, koma naye akuphedwa patangotha masabata awiri. Kwa ena, Four Brothers idaoneka ngati kubweza mawu.

Oikira kumbuyo filimuyi amayankha kuti tsinde lake ndi lina. Nkhani yake ikutsatira filimu ya ma cowboy ya 1965, The Sons of Katie Elder, momwe John Wayne ndi abale ake atatu akubwerera kwawo kumaliro a mayi awo. Roger Ebert, katswiri wotchuka wa nyuzipepala ya Chicago Sun-Times, adaiyamikira poiona ngati filimu ya mtundu womwewo yongosamutsidwira m'tauni. Mafilimu otere ali ngati nthano: chilombo chimadziwika ndipo chimayenera kugwa. Chiwetel Ejiofor adasewera Sweet ngati munthu wankhanza zosaneneka, wolamula wantchito wake kudyera pansi ngati galu, ndipo nkhanza zomwezo ndizo zikuchititsa anyamata ake kumutembenukira pa nyanja ya madzi oundana kumapeto.

Komabe pali mfundo imodzi imene mbali zonse ziwiri sizingailambalale. Jack, mng'ono wa onse, akuwomberedwa panja pa nyumba ya mayi awo ndipo akufa akuitana dzina la Bobby. Akadapanda kuyamba kusaka adani, mwina akadakhala moyo. Okonda filimuyi amati imfayi ndi umboni wakuti Singleton sadaiwale mtengo wa kubwezera, pamene odzudzula amati ikungopereka chifukwa china chokhetsera magazi. Chithunzi chotsiriza chikuonetsa abale atatu akukonza nyumba yobooka ndi zipolopolo. Amene adapha mayi awo adafa onse, koma patebulo lija tsopano pali mipando iwiri yopanda anthu.