Malangizo kwa a ku Karonga Oyenda pa Ndege

Akuluakulu a ku Karonga akukumbukira masiku amene wofuna kupita kummwera ankadikira sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja m'chaka cha 1951, kapena ndege zazing'ono zotchedwa Beaver za kampani ya Central African Airways. M'chaka cha 1964 ntchitoyi inalandiridwa ndi Air Malawi, ndipo iyo itatha m'chaka cha 2013, m'malo mwake munalowa Malawian Airlines. Makampani asintha, koma ulendo wa pa ndege uli ndi mwambo wake, umene wantchito wa Boma kapena mphunzitsi woitanidwa ku msonkhano ayenera kuudziwa.

Choyamba, funsani ku ofesi ya kampani ya ndege tsiku, nthawi ndi bwalo limene mukakwerere. Ngati ndi bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumbukirani kuti kuchokera ku Karonga ndi mtunda woposa makilomita 500, ndipo msewu wa M1 umadzera pa chikweza cha Chiweta. Nyamukani kutatsala tsiku lathunthu, makamaka m'nyengo ya mvula pamene mitsinje ya ku Karonga imasefukira. Ndege sidikira munthu, angakhale ndi bwana.

Chachiwiri, tengani chiphaso cha unzika, ndipo onetsetsani kuti dzina la pa tikiti likufanana ndi la pa chiphasocho. Fikani pa bwalo nthawi ikalipo, pakuti kulembetsa kumatsekedwa ndege isananyamuke.

Chachitatu ndi katundu. Wochokera ku Karonga sapita kwa abale chimanjamanja, koma thumba la mpunga wa Kilombero ndi lolemera. Liyezeni pa sikelo musananyamuke, chifukwa makilogalamu opyola muyezo wolembedwa pa tikiti amalipiridwa padera. Mpeni ndi lumo zilowe m'sutikesi yopereka kwa olandira katundu. Mankhwala, ndalama, makalata a ku ofesi ndi mabatire otchajira foni zikhale m'chikwama cha m'manja. Parafini ndi petulo siziloledwa konse.

M'ndege mangani lamba ndi kumvera ogwira ntchito. Makutu akatseka potsika, mezani malovu. Kapepala kokwerera musakataye, pakuti a ku akaunti angadzakafune poona za ndalama za ulendo.

Chotsiriza ndi kuleza mtima. Woyendetsa ndege akachedwetsa ulendo chifukwa cha nkhungu kapena mvula, musadandaule. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali yopita ku Mzuzu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, ndipo anthu 9 anatisiya, mmodzi mwa iwo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima. Msonkhano ukhoza kuitanidwanso tsiku lina, koma ana a sukulu ndi banja lanu akuyembekeza kuti mubwerere amoyo.